Maliro a Thunthu la Nthochi

Abiti Jaffalie ananena kamodzi kokha, ali chikhalire pa njerwa yawo, osakweza mawu n'komwe.

"Maliro saseweretsa, ana inu. Mukakulunga chinthu mu sanda, sandayo imakafuna mwini wake."

Amayi a m'gulumo anaseka. Abiti Jaffalie ndiwo ankasambitsa maliro a akazi m'mudzimo, ndipo anthu anali atazolowera kuti pakamwa pawo pamatuluka za imfa ngakhale pa tsiku la ukwati.

"Mukuopa kuti tikulandani ntchito," anatero Keti, wogulitsa mandasi kudoko, amene sankalola nthabwala kumudutsa.

"Si maliro enieni, amayi," a Fyness anayankha mwaulemu. "Ndi thunthu la nthochi chabe. Nsalunso ndi ya patebulo, ndabwereka ku ofesi kwathu."

"Yoyera?"

"Yoyera."

Abiti Jaffalie anangotembenukira kumbali n'kulavula.

Dinala yekha sanaseke. Anali ndi chizolowezi choyang'ana anthu pamene iwo akuyang'ana kwina, ndipo anaona kuti amayi awiri atatu anaseka mochedwa, atayamba amuba ndi diso iye kaye. Anakonza chitenje chimene anaberekera Ndaona, mwana wake wa miyezi isanu ndi iwiri, n'kupititsa dzanja kumbuyo kukhudza kaphazi kake. Sikanali kotentha. Ankachita zimenezi kangapo pa ola, osadziwa kuti akuchita.

A Fyness ankachokera ku bungwe lina ku boma la Mangochi. Ankabwera pa lole kawiri pa mwezi, fumbi la msewu wa Makanjira lili mpaka m'nsidze, n'kugona masiku angapo kunyumba ya aphunzitsi. Gulu lawo linkakumana kuseri kwa madarasa, pansi pa mtengo wa mango. Ankaphunzira kuwerenga, kusaina dzina m'malo modinda chala, komanso chimene a Fyness ankachikonda koposa: kuimirira pa msonkhano wa amuna n'kufunsa funso maondo osaombana. A Fyness ankakonda kunena kuti umphawi wa m'banja sutha ndi kudandaulira pa mtondo. Tsopano komiti ya padoko inali itaitanitsa mudzi wonse Lachisanu, anthu akatuluka kumzikiti, ndipo a Fyness anapempha kuti amayi atsegule msonkhanowo ndi sewero.

Nkhani yake inali yodziwika kwa aliyense. Maneti a udzudzu amene amayi ankalandira ku sikelo ankathera m'nyanja. Amuna ankawasokerera m'thumba la khoka, kumene nsomba zimasonkhana, chifukwa maso ake ndi aang'ono moti ngakhale bonya wosafika chala cha khanda sapulumuka. Nsomba zinkatha zisanakule. Ana ankadwala malungo, amayi n'kusiya usipa ukuwolera pa thandala iwo atagona pakhonde la chipatala. A Fyness analemba zonsezo pa mapepala atatu. M'sewerolo mwamuna amapempha neti, mkazi amamasula, mwana amadwala n'kumwalira.

"Mayi wa mwanayo akhale Dinala," anatero a Fyness. "Mawu ake ndi ambiri, ndipo iye ndiye amawerenga bwino. Si munafika Fomu 3 inu?"

Panagwa kachete kakafupi, konga kamene kamagwa munthu akaswa mbale kwa apongozi. A Fyness sanakamve. Iwo anayamba kubwera m'mudzimo chaka chatha chomwechi, Yasmin sanamuonepo.

Dinala analandira mapepalawo ndi manja awiri. Kukana kukanafuna chifukwa, ndipo chifukwacho sankafuna kuti chituluke pakamwa pake.

Yasmin anali mwana wake woyamba. Zaka ziwiri zapitazo, mwezi wa Febuluwale, mvula ili pakati, thumba la khoka la kwa amuna ake linang'ambika. Khokalo linali la a Yakobo, mkulu wa mwamuna wake Latifu, koma ankadyerapo makomo asanu ndi awiri. Masiku anayi anapita palibe wolowa m'madzi. Tsiku lotsatira Latifu anaima pa khomo la kuchipinda n'kulankhula osamuyang'ana mkazi wake.

"Sabata imodzi yokha. Tikapha tigula ukonde weniweni, neti ibwerera."

Dinala anakwera pa mpando n'kumasula zingwe zinayi ndi manja ake. Chachinayi chinali chitalimba, anachita kuluma ndi mano.

Patapita masabata atatu Yasmin anatentha thupi Lolemba, Lachitatu n'kuyamba kukomoka. Msewu unali utaduka pa mlatho. Wa njinga yamoto anawatsitsa pomwepo, ndipo mtunda wotsalawo Dinala anayenda pansi, mwana ali kumsana. Anazindikira asanafike. Mwana wamoyo amathandiza kudzinyamula: amagwira, amasuntha mutu, amakankha ndi bondo. Iye anangomva kuti kulemera kwasintha. Koma anayendabe mpaka pachipatala, chifukwa sanadziwe kwina kopita.

Neti ija sinabwerere. Inali ikadali m'khoka, itatuwa ndi matope, ndipo Dinala ankaiona tsiku lililonse popita kukachapa, itayanikidwa pa mchenga. Ankaizindikira ndi chigamba chimene iye mwini anasoka ndi ulusi wofiira pamene khoswe anaboola. Choipitsa zinthu chinali chakuti chaka chimenecho khoka la a Yakobo linapha kuposa makoka onse padoko. Anthu a m'mbali mwa nyanja sasowa chonena khoka likamadzaza m'nyumba muli maliro. Ankanong'onezana kuti Latifu anakhwimira mwana wake, anaba neti mkazi ali kuchigayo kuti mankhwala agwire. Ena analeka kudya naye mbale imodzi. Koma kukoka khokalo sanaleke, poti linali lamwayi, ndipo zonong'ona sizinyowetsa munthu. Za mpando ndi zingwe zinayi palibe ankadziwa, kupatula awiriwo.

Chibadwire Ndaona, Dinala sankayenda mtunda wautali osaima. Akamva kuti mwana wangoti zii kumsana, ankaima panjira n'kudzigwedeza mpaka mwanayo adzuke alire. Akalira, iye mtima unkakhala pansi. Apongozi ake ankati amulemaza mwana ndi mantha.

Lachitatu m'mawa, sewero lisanachitike, Latifu anabwera kuchokera kudoko n'kukhala pakhonde osapempha madzi osamba. Dinala ankasambitsa mwana m'beseni.

"Make Ndaona, khoka lakodwa pa chitsa."

Nyanja inali itakwera chaka chimenecho, n'kumiza zitsa za mitengo pamalo pamene kale ana ankasewera mpira.

"Lang'ambika?"

"Pang'ono. Tamanga ndi ulusi, koma si zokhalitsa."

Chitseko chinali chotsegula. Mkati neti yatsopano inali lende pamwamba pa mphasa, yoyera, mizere ya mmene inapindidwira m'pepala ikuonekabe. Latifu anaiyang'ana nthawi yosakwana kuphethira kawiri.

"Che Latifu, musayang'ane uko."

"Ndayang'ana kuti? Munthu asamayang'anenso m'nyumba mwake?"

"Maso anu ndimawadziwa."

Iye anaseka kuseka kwa m'mphuno, anagwira kaphazi konyowa ka Ndaona n'kukagwedeza, kenako ananyamuka. Dinala atamupukuta mwana anakakwera pa mpando n'kuwonjezera mfundo ina pa chingwe chilichonse.

Pokonzekera sewero ankawerenga mawu ake mosalala, ngati munthu wowerenga chidziwitso cha katemera wa nkhuku.

"Ikanipo mtima, Dinala," a Fyness anamulimbikitsa Lachinayi. "Ganizirani ngati ndi mwana wanu."

"Aphunzitsi," Keti analowerera msanga, "tiyeni tibwereze gawo langa, ndevuzi zikundiyabwa." Iye ndiye ankasewera mwamuna, ndipo anali atadzipangira ndevu za khonje. Amayi anaseka mopitirira, a Fyness n'kuiwala zimene amanena.

Thunthu la nthochi sanayesererepo. Anagwirizana kuti adzadule tsiku lomwelo kuti lisafote.

Lachisanu dzuwa linali la phwee, lopanda kamphepo. Amuna anatuluka kumzikiti ndi mikanjo yawo n'kukhala pa mabenchi a kusukulu ndi pa mabwato ovundikira. Amayi anakhala pansi mbali ya mathandala. Wapampando wa komiti, amene anali ndi makoka awiri akeake, anakhala kutsogolo ndi kabuku pa bondo. Dinala anamuona Latifu kumbuyo kwenikweni, atatsamira mtengo, pambali pake pali danga la munthu mmodzi monga mwa masiku onse. Ndaona anamusiya kwa mlamu wake Amida. Aka kanali koyamba m'miyezi isanu ndi iwiri kuti msana wake ukhale wopanda kanthu, ndipo ankamva ngati wavula.

Keti analowa m'bwalo atavala buluku la mchimwene wake, akuyenda motangadza ngati msodzi amene wagona m'bwato masiku atatu. Anthu anayamba kuseka asanatsegule pakamwa.

"Mkazi wanga," anakuwa ndi mawu a m'mimba, "udzudzu wa kuno ndi achibale athu. Tinakulira limodzi. Sungalume mwana wa msodzi."

Ngakhale wapampando anaseka mpaka kupukuta misozi. Neti ya m'sewero inali chitenje chomangidwa pa nsungwi zinayi. Dinala anamasula zingwezo monga analembera a Fyness, akuyang'ana zala zake ngati ndi za munthu wina, Keti n'kuthawa nacho chitenje akuvina. Mpaka pamenepo zonse zinkayenda bwino.

Kenako anabwera nalo thunthu. Anali atalidula kutalika kwa mwana wa zaka ziwiri, n'kuliveka kadiresi ka winawake. Amayi awiri anamuikira kumsana n'kumanga chitenje pachifuwa. Gawo lake linali lozungulira bwalo kamodzi, ngati akuthamangira kuchipatala.

Linali lozizira. Madzi ake anayamba kulowa m'bulauzi pakati pa mapewa. Silinkagwira, silinkasuntha mutu. Linkangotsetserekera pansi pang'onopang'ono, iye n'kumalikankhira m'mwamba ndi dzanja. Anadzigwedeza kamodzi. Silinalire.

Anazungulira bwalo kamodzi. Anazunguliranso. Anthu anaseka poyesa kuti waiwala pothera. Pozungulira kachitatu anali akuyenda mofulumira, mutu uli pansi, milomo ikuyenda yokha, ndipo kuseka kunayamba kuzima kuchokera mbali ya amayi. Mayi amene ankasewera namwino anachita kumugwira pa mkono. Anamumasula thunthulo, nalikulunga mu nsalu yoyera ija mwamsangamsanga, n'kumupatsa m'manja.

Pa pepala panalembedwa kuti anene kuti: kalanga ine, ndikanadziwa. Dinala anagwada pa mchenga, anakonza nsalu kumene kukanakhala nkhope, n'kunena dzina.

"Yasmin."

Sanakuwe. Koma bwalo linali litakhala chete moti mbuzi imene inkadya makoko kuseri kwa mathandala inkamveka kutafuna.

"Ndinamasula ndine, mwanangu. Bambo ako sanabe neti. Ndinakwera pa mpando ndekha. Zitatu zinamasuka bwinobwino, chachinayi ndinaluma ndi mano. Iwe unali pansi ukugwira mwendo wa mpando, ukuseka, ukuyesa masewera. Ndinati sabata imodzi si kanthu. Kusukulu ndinaphunzira za udzudzu, ndinajambula ndi chithunzi chake m'kope, ndinakhoza. Ndinkadziwa."

A Fyness anawomba m'manja kawiri. Kachitatu manja anaima m'malere, atayang'ana nkhope za amayi a gulu lawo.

Abiti Jaffalie anadzuka pa malo awo. Anayenda mosafulumira kudutsa bwalo, anawerama, n'kulandira mtolowo ndi manja omwe aja amene analandira nawo Yasmin. Anavundukula nsaluyo n'kukweza thunthulo m'mwamba.

"Taonani nonse. Ndi nthochi iyi. Aliyense aone, asadzanene zina mawa."

Analiponyera kumene kunali mbuzi. Nsaluyo anaipinda n'kuiika m'khwapa mwawo, osaibweza kwa mwini wake. Amida anabwera ndi Ndaona, Dinala n'kumulandira, n'kuyamba kumupapasa pamphumi, m'khosi, kumapazi.

A Fyness anayesa kupitiriza monga anakonzera. "Tsono ngati mudzi, tichite chiyani?"

Kenako Keti anaimirira, ndevu za khonje zikadali lende mbali imodzi, ndipo panalibe woseka.

"Ine funso langa lipite kwa a wapampando. M'makoka anu awiri muli maneti angati?"

Mayi wina anaimirira iye asanakhale, kufunsa chifukwa chake mu komiti mulibe mkazi, pamene kuchipatala kumagona akazi. Wachitatu anaimirira n'kuiwala chimene amafuna kunena, koma anaimabe. Wapampando analemba kenakake m'kabuku. Anati mafunso ndi abwino zedi, akusonyeza kuti amayi akuphunzira. Nkhaniyi ndi yaikulu, siyothamangira. Komiti ikhala pansi mwezi wamawa n'kulembera kalata akuluakulu a ku boma. Anapempha shehe kuti atseke ndi pemphero la duwa.

Dinala anabwerera kunyumba kudzera njira ya kuseri kwa minda. Anachapa matewera, anasesa pabwalo pamene anali atasesa kale m'mawa. Ankayembekezera apongozi, kapena amayi a m'mudzi odzamuyang'ana ngati chinthu chachilendo. Sanabwere. Amene anabwera, dzuwa litapendeka, anali Latifu, atanyamula chinthu chotuwa chokulungakulunga pa mkono. Fungo linafika iye asanafike.

Anachiika pansi pakati pa awiriwo.

"Alovi akana kukoka," anatero. Alovi ndiwo anyamata aganyu okoka khoka. "Akuti muli mwana. Zaka ziwiri akhala akunong'ona zomwezo n'kumakokabe, koma lero akuti amva ndi makutu awo mayi akuitana dzina. Achimwene adula neti ija m'khokamo ndi mpeni. Nayi."

Dinala anaiyang'ana osaikhudza. Mamba a usipa anali atamatirira ponseponse. Mabowo ena munthu akanalowetsa chibakera. Chigamba cha ulusi wofiira chinali pamwamba.

"Mukaichapa ndi sopo n'kusoka mabowo," Latifu anapitiriza akuyang'ana nkhuku, "ikhoza kugwirabe ntchito."

"Ntchito yanji?"

Latifu anangoyang'anabe nkhuku.

"Mukufuna Ndaona agone mu imeneyi," anatero Dinala.

"Thumba latsala ndi bowo loti ng'ombe n'kudutsa, make Ndaona. Makomo ena onse maneti awo analowa kale m'madzi. Yatsopano pa banja lonse ndi yanu yokha."

"Kwa masiku angati?"

"Za masiku sindinena. Ndinanenapo kale."

Anakhala pansi pa khonde, n'kuvula chisoti chake choyera, n'kumachizunguza m'manja. Dinala anaona kuti kumutu kwake kwayamba imvi, munthu wa zaka makumi atatu.

"Zaka ziwiri anthu akundithawa pa mbale," anatero motsitsa. "Akuti ndinadya mwana wanga. Kumzikiti ndikaima pa mzere, wa pambali panga amasuntha phazi. Ndinakutchulanipo? Ngakhale kwa amayi anga, ndinakutchulanipo?"

"Simunanditchule."

"Lero mwandiyeretsa. Zikomo. A shehe andigwira dzanja. Koma kuyera sadya, mayi. Ana a achimwene ndi asanu, a Amida atatu. Bowo limenelo mwaboola ndinu pamaso pa mudzi wonse, ndiye anthu akuyang'ana khomo lino."

"Nanga akadwala?"

"Mulungu ndi wamkulu. Mvula yatha, udzudzu wachepa."

"Usiku wathawu ndapha anayi pa neti pomwepo. Kunja kwake."

Latifu anavala chisoti n'kuimirira. "Sindikufuna kulanda. Sindinalandepo chinthu m'nyumba muno. Mawa tikatuluka kumzikiti ku swala ya m'mawa, achimwene abwera ndi singano, amayi abwera nawo. Mudzamasule nokha, mwaulemu, nkhani ithe."

Atapita, Dinala anatenga beseni lalikulu n'kuvundikira chinthu chija kuti nkhuku zisachitole. Kenako anakhala pa khonde n'kuyamba kuona m'maganizo mmene m'mawa mudzakhalire, chifukwa iye anali munthu woona zinthu zisanafike. A Yakobo sadzakalipa, sakalipa iwo. Adzakhala pa mpando wa alendo, adzafunsa ngati mwana wagona bwino. Apongozi adzanena za ana asanu ndi atatu aja mmodzimmodzi ndi mayina awo, ndiponso kuti mtengwa amadya za pa banja limene anakwatiwako. Latifu adzaima pa khomo la kuchipinda osamuyang'ana. Palibe adzagwire chingwe. Adzangodikira, ndipo kudikira kwa anthu atatu amene akunena zoona n'kolemera kuposa ndodo.

Sankaopa iwo. Ankaopa manja ake. Pa bwalo paja, anthu mazana akuyang'ana, zala zake zinamasula zingwe za sewero mosavuta, ngati zinkangodikira kuuzidwa.

A Fyness anafika nthawi imeneyo, akuyenda ngati munthu wolowa pa siwa. Anakana mpando, nakhala pansi pambali pake.

"Sindinadziwe, Dinala. Pepani. Palibe anandiuza."

"Kuno sitiuza mlendo za manda. Si mlandu wanu."

"Koma mwaona zimene zachitika? Amayi atatu aimirira. Chiyambire sizinachitikepo. Ndi inu mwatsegula njira." Anaima, ataona beseni lovundikira ndi ntchentche zikulizungulira. "Muli chiyani umo?"

Dinala anawauza zonse, mwachidule, ngati akufotokoza za munthu wina.

"Ayi, zimenezo sizingatheke," anatero a Fyness. "Tikanene ku komiti. Ndipita nanu."

"Komiti ikhala mwezi wamawa. Singano ikubwera m'mawa."

"Ndiye mukane. Ndi ufulu wanu, tinaphunzira."

"Tinaphunzira kuimirira pa bwalo, aphunzitsi. Pa bwalo pali Keti kumbuyo kwako. M'nyumba muli apongozi." Anamusuntha Ndaona kupita ku bere lina. "Ku ofesi kwanu kulibe neti ina? Ngakhale yakale, koma yosabooka. Ndiwapatse imeneyo."

A Fyness anayang'ana pansi. "Ife sitigawa maneti. Ndipo ndikanakhala nayo, kuipereka kuti ikalowe m'nyanja... Ndikhoza kukafunsa kwa a zaumoyo. Koma ndibweranso pakatha masabata awiri. Mawa ndikunyamuka ndi lole ya folo koloko m'bandakucha."

"Imaima pati masiku ano? Pa msika paja pali madzi."

"Pa chigayo."

"Imadutsa pa mphambano ya ku Namwera isanalowe m'tauni?"

A Fyness anamuyang'ana nthawi yaitali. "Kwanu ndi ku Namwera?"

"Amayi anga ali kumeneko. Amalima fodya ndi achimwene."

"Dinala, ine sindinabwere kudzapasula mabanja."

"Simunapasule. Ndingofunsa za lole."

Kudoko kunkamveka anthu akukangana, mawu a a Yakobo ali pamwamba pa ena, kunyengerera alovi kuti mawa abwere. Dinala anaganiza za usipa wake umene unali pa thandala, wotsala tsiku limodzi kuti uume. Anaganiza za ana a Amida, amene ankamutcha mayi aang'ono n'kumalimbirana kunyamula Ndaona. Mawa adzadya chiyani, iye sankadziwa, ndipo sanadzinamize kuti si nkhani yake. Anaganiza za Latifu ataima yekha pa khomo m'mawa, achimwene ake ali ndi singano m'manja, akufunsidwa kumene mkazi wapita ndi neti. Munthu amene anamusungira chinsinsi zaka ziwiri, Dinala adzamulipira ndi manyazi atsopano. Mwina adzamutsatira ku Namwera nyengo ya mwera ikafika, makoka akapuma. Mwina adzatumiza mawu atatu a chisudzulo kudzera kwa ankhoswe, ukwati n'kuthera pomwepo. Zonsezo anaziyang'ana bwinobwino, chimodzichimodzi, ngati mmene amasankhira nsomba zowola pa thandala. Ndaona anali atagona bere lili m'kamwa, thukuta lili pamphuno, akupuma mofewa.

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

"Mukamapita pa chigayo musadzere pano," anatero Dinala. "Musagogode, musandiitane. Mukandipeza nditakhala kale kumbuyo kwa lole, musandipatse moni mpaka titadutsa mlatho."

"Mwatsimikiza?"

"Mumusiyire Keti uthenga kunyumba kumene mukugona, woti usipa wa pa thandala lachitatu ndi wake. Agaweko kwa Amida. Koma Keti amve mawa, osati lero. Pakamwa pake paja mukupadziwa."

A Fyness anadzuka, anakutumula siketi, anagwira mutu wa mwana n'kumapita.

Dinala analowa m'nyumba n'kutenga buku la kusikelo la Ndaona pamwamba pa khoma, naliika pansi pa mphasa, kumutu. Kenako anatuluka kukaanula matewera pa chingwe. Anali asanaume. Anawapinda choncho achinyezi, limodzilimodzi, n'kuwaika m'jumbo. Akaumira kwa amayi ake.